Tonde pa Mphasa ya Asekulu

Ndiyambe ndi kunena kuti za tonde uja sindinapepese, ndipo sindikuona kuti ndidzapepesa. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope yake, atakhala pa mphasa ngati mlendo wodikira tiyi, ndimaseka ndekha m'kalasi mpaka aphunzitsi amanditulutsa. Zimene zinatsatira ndi zomwe zandisokoneza mutu, ndipo ndikulemba kuti mwina ndikaziona papepala zikhala pamalo pake.

Ife kwathu kwenikweni ndi ku Dedza. Tinabwera ku Hewe ndili sitandade 5, amayi atatumizidwa kudzaphunzitsa pa pulayimale. Chitumbuka ndimamva chonse, koma ndikayankhula anthu amaseka, choncho amangondiyankhula Chichewa chawo chokhala ndi "chomene" kumapeto. Dzina langa m'mudzi ndi Kamchewa. Pano ndili folomu 3 pa sekondale yoyendera, ndipo mbiri imene ndili nayo si ya masamu.

Luso langa ndi la mbuzi. Dzinja likafika, chimanga ndi fodya zili m'munda, mbuzi siziyenda zokha. Aliyense amamangirira zake pa zikhomo m'mbali mwa njira, madzulo n'kukazimasula. Ine pochokera kusukulu ndinkazisinthanitsa. Ya uyu ndikaimanga pa chikhomo cha uyo, ya uyo ndikaipititsa kutsidya kwa mjigo. Abambo awiri amene sanayankhulane chaka chonse chifukwa cha malire a munda anakumana panjira aliyense akukoka mbuzi ya mnzake. Ine ndinkaonera ndili mumtengo wa gwafa. Palibe mbuzi inafapo, palibe inasowa. Ndimaona ngati ndinkathandiza anthu kuyenderana.

Kuseri kwa nyumba za aphunzitsi kuli khomo lina. Mwamuna wa pamenepo anapita ku Joni kalekale, amaimba foni pa Khisimasi. Ana anakula n'kuchoka. Panatsala mkazi wake, amene ine ndimawatchula kuti amama, ndi bambo ake a mwamunayo, nkhalamba yaitali imene tonse timaitchula kuti asekulu. Amama ndi amene ankayambitsa nyimbo m'gulu la amayi a mpingo wathu, aja ovala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Kuno zoyera zimenezi si zovala chabe. Munthu amavekedwa pamaso pa mpingo wonse, akalakwa amavulidwa, ndipo akamwalira asanabwezeredwe, anzake sabwera kumaliro ake atavala zoyera. Lachitatu lililonse amama ankakoleza makala a ayironi n'kusita bulauziyo pakhonde, mpaka kolala kuima yokha.

Asekulu tinali titatha miyezi osawaona panjira. Anthu ankangoti akalamba, mutu wayamba kuwathawa. Tinkaganiza kuti amagona m'nyumba.

Tsiku lina mwezi wa Febuluwale tinaweruka msanga. Ndinali nditamasula tonde wa munthu wina, wandevu, wonunkha mpaka kutsidya kwa msewu, ndipo ndinkamufunira chikhomo chatsopano. Ndinadutsa kuseri kwa chigafa cha amama, chisakasa chaudzu chimene amayanikamo fodya. Pa nsanamira ya chigafacho panali chingwe cha nayiloni chabuluu, chopita kuseri kwa ngodya. Ndinati mwayi wanga, pali mbuzi ina yosintha. Ndinachitsatira.

Kumapeto kwake kunali asekulu. Anakhala pa mphasa pamthunzi, chingwe chili m'chiuno pamwamba pa nsalu yopinda. Pambali panali kapu ya madzi ndi mbale yovundikira ya chimanga chowotcha.

"Monire, asekulu," ndinatero.

"Yewo, mwana wanga. Ndimasule. Ng'ombe zili zokha."

Ndikanakonda kulemba kuti chifundo chinandigwira. Chinandigwira pang'ono. Koma kunena zoona, m'dzanja limodzi ndinali ndi tonde, patsogolo panga panali chingwe, ndipo ganizo linangobwera lokha, lathunthu. Ndinamasula asekulu, ndinamanga tonde, ndinamukulunganso nsalu ija m'mimba kuti zioneke bwino. Asekulu anaimirira, anadzisasa fumbi, anati "Yewo chomene," n'kuzungulira chigafa. Ine ndinkati akupita m'nyumba. Ndinabisala m'chimanga kudikira.

Amama anabwera atasenza mtolo wa masamba a fodya, manja ali bii ndi utomoni. Anapeza tonde akudya chimanga m'mbale. Sanakuwe monga ndinkayembekezera. Anatula mtolo pang'onopang'ono, anayang'ana tonde, anayang'ana mfundo ya chingwe, kenako anathamanga. Sanathamangire m'nyumba koma kumsewu wolowera ku Vwaza, akuitana apongozi awo. Anthu anasonkhana kuseri kwa chigafa. Bambo wina anayang'ana ndevu za tonde nthawi yaitali n'kunena motsitsa kuti asekulu asanduka. Kwa mphindi khumi nkhani inali imeneyo, anthu akubwerera m'mbuyo, wina akuyesa kumupatsa moni tondeyo. Pa ntchito zanga zonse imeneyo ndiyo inapambana. Ndinaluma tayi ya sukulu kuti ndisamveke.

Ndiye mkazi wa mkulu wa mpingo ananyamula chingwe ndi zala ziwiri. "Chingwechi chinali cha ndani?"

Amama anali atabwerera kudzafuna amuna a njinga, akupuma movutika. "Cha adada. Ndimawamanga pamenepa. Thamangani ku waya."

Waya ndi mpanda wa nkhalango ya Vwaza. Asekulu anabadwira m'mudzi umene unali mkati mwa nkhalangoyo, anthu asanasamutsidwe, amayi anga asanabadwe n'komwe. Pano kumeneko kuli njovu ndi njati basi. Koma mutu ukawathawa, iwo amaona kuti ng'ombe zawo zikadali komweko ndipo palibe wozitsekera. Amuna a njinga anawapeza dzuwa litapendeka, pafupi ndi waya, nsapato ili imodzi, phazi likutuluka magazi. Akuti panjirapo panali ndowe za njovu zikadali zofunda. Anabwera nawo pa kaliyala.

M'mawa mwake za njovu palibe ankazinena. Pamjigo nkhani inali chingwe. Kuno mkamwana, kutanthauza mkazi wa mwana wako, sakhala mphasa imodzi ndi apongozi ake aamuna. Amagwada patali, sawakhudza ngakhale chala. Ndiye uyu anawagwira m'chiuno n'kuwamanga ngati mbuzi. Akulu ampingo anabwera kudzatenga chingwecho, n'kunena kuti Loweruka la sabata yamawa kudzakhala msonkhano woona ngati amama ayenera kuvulidwa zoyera.

Amayi anga sanafunike mboni. Anatola malaya anga a sukulu pa chingwe choyanikira, anawanunkhiza kamodzi.

"Iwe, malayawa ndachapa kawiri, akununkhabe tonde."

"Mwina ndi sopo, amayi."

"Sopo wandevu?"

Sanandimenye. Anakhala pa mpando n'kundiyang'ana monga amayang'anira ana a sitandade 2 amene adya choko. "Loweruka lino ukakhala ndi asekulu tsiku lonse, amama akathyole fodya. Wopanda chingwe, poti iwe ndiwe womasula anthu."

Ndinaona ngati chilango chopepuka. Nkhalamba imodzi, tsiku limodzi.

Loweruka ndinafika mame asanaume. Amama anali akumanga mpango kuti azipita. Ndinayamba kukonza nkhope ya munthu wosadziwa kanthu, koma iwo sanandiyang'ane n'komwe.

"Usavutike, Kamchewa. Mfundo ya pa tonde ija ndinaidziwa. Mbuzi zanga wakhala ukundimangira dzinja lonse. Tamvera. Akati ng'ombe, usawatsutse. Usawagwire dzanja mwamphamvu, amamenya."

M'mawa zinayenda bwino. Asekulu anandiuza mayina a ng'ombe zawo zonse ndi khalidwe la iliyonse. Anandifunsa katatu kuti ndine mwana wa ndani. Cha m'ma teni anaimirira n'kuyamba ulendo. Apa ndinati bodza ndilo ntchito yanga, tione. Ndinawauza kuti ng'ombe ndazitsekera kale, anabwerera. Kachiwiri ndinati mtsinje wadzaza, anabwerera monyinyirika. Kachitatu ndinati njira yatsekedwa, kuli maliro. Anavula chipewa n'kunena kuti tiyeni tikalire nawo, n'kuwonjezera liwiro. Kachinayi sanadikire bodza, anangondikankha ndi chigongono ndipo ndinagwera m'masamba a maungu. Munthu woonda ngati bango, koma mphamvu zake za wolima. Ndinawapeza kumsewu, ndinawabweza powauza kuti aiwala chikwapu.

Pofika masana ndinali ndisanadye, mabodza atatha. Komanso ndinkafuna kuchimbudzi. Chimbudzi cha amama chili masitepe makumi awiri kuchokera pa chigafa, ndinawerenga. Ndinapita mothamanga, ndisanatseke n'komwe chitseko ndinasuzumira, mphasa ili yokha. Ndinawapezanso kumsewu. Titabwerera ndinamasula chitenje changa, ndinawakulunga nacho m'chiuno, nsonga ina n'kumanga pa nsanamira yomwe ija. Ndinadziuza kuti mphindi zisanu zokha.

Nditatuluka ndinawapeza akukoka chitenjecho, misozi ikutsika mwakachetechete. Ankandiona ngati mlongo wawo amene anamwalira kale.

"Ndakulakwira chiyani, mlongo wanga?"

Sindinawamasule. Ndinazungulira chigafa kukakhala mbali imene sindingaone nkhope yawo, ndinatambasula miyendo, ndinadya chimanga chawo chowotcha. Ndinakhala pamenepo mwina ola lathunthu. Ndipo kunali kokoma. Mphepo inkadutsa m'masamba a fodya oyanikidwa, palibe amene ankathawa, palibe wondikankha. Ndinkawamva akuitana ndipo ndinapitiriza kutafuna. Pa zonse zimene ndachitapo, za achule m'desiki ya aphunzitsi, za belu loimbidwa nthawi isanakwane, chimenechi chokha ndi chomwe sindidziwa pochiika, chifukwa sichinali choseketsa ndipo panalibe woonera.

Amama anatipeza choncho. Anatula mtolo, anagwada patali n'kupereka moni kwa apongozi awo mwaulemu wonse. Kenako anayang'ana chitenje changa.

"Wamanga molakwa. Mfundo imakhala kumbuyo, kumene manja awo sangafike. Ndipo umayamba waika nsalu yopinda, apo ayi khungu limanyuka."

Anawamasula, anawapatsa madzi, asekulu n'kugona pa mphasa. Ife tinakhala pansi pa chigafa, iwo akusoka masamba a fodya awiriawiri, ine ndikuwapatsira.

"Amama, bwanji simunauze anthu kuti akuthandizeni?"

"Ndinauza. Anabwera, anapemphera, anamwa tiyi, anapita. Mapemphero ake anali abwino chomene."

"Nanga ana awo?"

"Wina ndi uyo wa ku Joni. Wina ali ku Mzuzu, anati adzawatenga mvula ikatha. Mvula yatha katatu."

Apa mtima wanga unakhala m'malo. Ndinkafuna amama akhale olungama kotheratu kuti ndizidana ndi akulu ampingo popanda chondivuta. "Ndiye inu simunalakwe," ndinatero.

"Wakuuza ndani?" Sanasiye kusoka. "Masiku ena amadzimanga okha m'mawa, mutu ukadali bwino. Amati mkamwana, bweretsa chingwe, ndingakuvutitse. Masiku ena amakana, amalira, ndiye ndimawagwira ine, mkamwana, ndi manja awa. Ndipo tsiku lina ndinamaliza ntchito masana, koma sindinabwere. Ndinakhala m'munda mpaka dzuwa kupendeka, osachita kanthu, kungoyang'ana mapiri. Ndinkadziwa kuti madzi awathera m'kapu. Chimenecho uchitchula kuti chiyani, iwe wa folomu 3?"

Ndinali ndi njere za chimanga chawo m'mano.

Msonkhano unachitikira m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, dzuwa lili pamutu. Chingwe chabuluu chinali patebulo, chokulungidwa bwino, pambali pa Baibulo. Panali akulu ampingo anayi ndi amayi atatu a gulu lija. Amama anabwera atavala zoyera zawo, zositidwa mpaka kuthobwa m'maso, atanyamula kajumbo m'manja. Ine anandiitana monga woona ndi maso. Wotsogolera anali bambo wina wopuma pa ntchito, amene anaphunzira ku mishoni ya Khondowe ndipo amayankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga.

"Unaona chiyani kuseri kwa chigafa?"

Ndinafotokoza.

"Anawamasula ndani?"

"Ine."

Ndinaweramitsa mutu kudikira chikwapu cha mawu. Koma bamboyo anatembenukira kwa anzake. "Mwaona. Mwana uyu anachita zimene ife akulu tinalephera. Anaona womangidwa, anamumasula."

M'moyo wanga wonse munthu wamkulu anali asanandiyamikirepo pagulu. Ndipo anandiyamikira chifukwa cha tsiku limene ndinatsala pang'ono kupereka nkhalamba kwa njovu.

"Komatu ndinamangapo tonde," ndinatero.

"Zimenezo ndi zachibwana, tizisiye."

"Komanso Loweruka lapitali ine ndinawamanga ndi chitenje. Ola lathunthu."

"Khala pansi, Kamchewa. Mlandu si wako."

Ndinakhala pansi. Ndinkafuna kuwaona ngati anthu ouma mtima, koma nazonso zinakanika. Mayi wina wa gululo anayankhula akulira. Anati bambo ake omubereka nawonso ayamba kuiwala, ali kwa mchimwene wake kutali, ndipo chimvereni za chingwe sagona tulo poganiza kuti mwina nawonso ali pa nsanamira. Anati tikalola lero chifukwa cha njovu, mawa wina adzamanga mayi ake chifukwa chongotopa nawo, ndipo tidzamuletsa ndi pakamwa pati. Ndinakumbukira ola langa lija ndi madzi otha m'kapu, n'kuona kuti nayenso akunena zoona. Mutu unayamba kundiwawa. Aliyense woyankhula m'chipindamo ankanena zoona, koma zoonazo sizinkagwirizana.

Pomaliza wotsogolera anatsegula njira. Anati safuna kutaya munthu amene waimbira mpingo zaka zonsezi. Amama angonena kuti alapa ndipo sadzawamanganso, nkhani ithere pomwepo, zoyera akhale nazo.

Ine mumtima ndinkati nenani, amama, ndi mawu atatu okha. Ine ndikananena ndisanaphethire, Lolemba n'kukagula chingwe china. Mabodza aang'ono chonchi ndimanena asanu tisanalowe m'kalasi.

Amama anayang'ana patebulo n'kuyankha wotsogolerayo. "Adada, fodya wakhwima, sadikira munthu. Lolemba ndikathyola. Ndikanena kuti sindidzawamanganso, ndinama pamaso pa Buku ili. Kulakwa ndikudziwa kuti ndikulakwa. Koma ndiwamanga."

Anatitulutsa, anakambirana, anatiitananso. Chigamulo chinali choti avule zoyera mpaka tsiku limene adzalape, ndipo amayi a gulu azisinthana kukhala ndi asekulu kuti chingwe chisafunikenso. Amama anati yewo. Analowa kuseri kwa kabati ndi kajumbo kawo kaja, anatuluka atavala bulauzi yamaluwa ndi mpango wakumunda, zoyera zili m'manja zopindidwa. Ndiye kuti pochoka kunyumba anali akudziwa kale.

Sabata yoyamba amayi a gulu aja anabwera tsiku lililonse. Yachiwiri anabwera atatu, poti nawonso ali ndi fodya wawo. Tsiku lina ndikudutsa ndinapeza mkazi wa mkulu wa mpingo uja, yemwe ananyamula chingwe ndi zala ziwiri, atakhala pa mphasa thukuta lili kamukamu, duku litapendekeka. Asekulu anali pa mpando, chitenje chikudutsa pachifuwa mpaka ku nsanamira.

"Mwawamanga, amama?" ndinafunsa mwaulemu kwambiri.

"Ichi ndi chitenje, mwana iwe. N'choti asagwe. Pita kwanu."

Ndinapita ndikuseka, koma pofika kunyumba kuseka kunali kutatha, chifukwa nkhope yawo inali ngati yanga ya Loweruka lija. Sabata yachitatu sikunabwere munthu. Chitenje chimatereka, ndipo asekulu anafika kumsewu kawiri.

Ndiye ndinaba chingwe. Achinyamata timasesa m'tchalitchi Loweruka, ndipo ndinadzipereka kusesa kachipinda kaja, zimene zinadabwitsa aliyense. Chingwe chinali m'kabati, pansi pa shelefu ya timakapu ta mgonero. Ndinachikulunga m'chiuno mwanga mkati mwa chitenje, ndinapereka moni kwa akulu awiri pakhomo, n'kuyenda mpaka kwa amama nditadzimanga ndekha.

Anachiyang'ana osachigwira. "Waba m'nyumba ya Mulungu."

"Chingwe ndi chanu, amama."

"Ndi changa, koma waba."

"Ndikachibweze?"

Anayang'ana kumsewu wa ku Vwaza. Kenako anatambasula dzanja. "Yewo. Usadzachitenso."

Zoyera sanabwezeredwe mpaka lero, chifukwa sananenebe mawu atatu aja. Lachitatu sakolezanso makala a ayironi. Lamulungu amakhala benchi yakumbuyo, imene kale inali yanga ndekha ndi anzanga ochedwa, ndipo amayi ovala zoyera akayamba nyimbo mokweza kwambiri mpaka mawu kuwathera, ndimamva amama akuing'ung'udza pansipansi pamalo pake oyenera. Akulu aja amandipatsabe moni wapadera, wa mwana amene anamasula womangidwa. Ndimayankha bwinobwino. Za kabati sanafunsepo, ndipo sindikudziwa ngati sanaone kapena anasankha kusaona.

Mbuzi ndikusinthanitsabe, dzinja silinathe. Koma njira yachidule ndi yomwe ija ya kuseri kwa chigafa, ndipo masiku ambiri ndimapeza asekulu pa mphasa, nsalu yopinda ili m'chiuno, mfundo ili kumbuyo.

"Ndimasule, mwana wanga. Ng'ombe zili zokha."

Ndimayang'ana m'kapu ngati muli madzi. Mukakhala mulibe ndimakatunga. Ndiye ndimati, "Ndazitsekera kale, asekulu," n'kukoka mbuzi yanga kumapita.